PA KHONDE LA MPHUNZITSI: Za Fodya Amene Akuti Si Chamba, ndi Funso la Wapolisi



Mwezi wathawu ndinalonjeza kuti tidzapitiriza nkhani ya maukwati a ana athu, koma mundikhululukire, pakuti yagwa nkhani ina imene siingathe kudikira. Lamulungu lina, titatha mapemphero ndipo anthu atabalalika, ndinaona bambo wina atatsalira pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili m'manja. Ndi Mkristu mnzathu, wa ukwati wa mu Eklezia, ndipo ntchito yake ndi ya upolisi. Dzina lake ndi malo ake a ntchito sinditchula. Iye mwini anandilola kulemba funso lake lokha, kuti kapena lingathandize ena.

Anati: "Aphunzitsi, pali kanthu kakundisowetsa tulo. Tsiku lina madzulo ndinapeza anyamata awiri kuseri kwa msika, ali ndi timapaketi tonyezimira, m'kati muli masamba ouma onunkhira ngati sopo. Ine chamba ndimachidziwa, ndipo chimenechi sichinali chamba. Iwonso anandiuza mosaopa kuti ndi fodya wochokera ku Joni, wogula m'sitolo, ndipo kuti ndilibe mlandu wowagwira nao. Mtima unandipsa, pakuti wamng'onoyo maso ake anali ngati a munthu wakufa. Tsono ndinawanamiza. Ndinati ndi chamba chenicheni, ndipo kuti akakhala m'ndende zaka 8. Analira, nataya timapaketito m'ngalande, ndipo ndinawasiya apite. Sindinalandire ngakhale tambala imodzi. Kodi pamenepa ndinachimwa? Pakuti ndinafuna kuwapulumutsa."

Sindinamyankhe tsiku lomwelo, chifukwa funso lotere silifuna pakamwa pofulumira. Ndisananene chimene ndinamuuza pambuyo pake, ndiyambe ndafotokoza za fodyayo, pakuti makolo ambiri sanamuonepo, ndipo chinthu chosachidziwa n'chovuta kuchiletsa pakhomo.

Ku America, pa sukulu yaikulu ya Clemson, kunali mphunzitsi wa za mankhwala dzina lake John W. Huffman. Iye ndi ophunzira ake anapanga mankhwala mazanamazana ochita m'thupi la munthu monga chimachitira chamba, ndipo cholinga chao chinali kuphunzira m'mene ubongo umalandirira mphamvu ya chomeracho, osati kuti anthu azisuta. Koma zimene analemba m'mabuku a ophunzira zinawerengedwanso ndi anthu ofuna ndalama. Iwo anatenga mankhwalawo, nawasungunula m'madzi ake, nawawaza pa masamba wamba ouma, nawaika m'timapaketi tokongola totchedwa Spice kapena K2. Pofuna kuzemba mlandu analembapo kuti ndi lubani wofukiza m'nyumba, wosayenera kulowa m'thupi la munthu, ngakhale wogula ndi wogulitsa onse anadziwa ntchito yake. Taonani kuti malonda amenewa anayamba ndi bodza lolembedwa pa chikuto pomwe. Mu December 2008 akatswiri a ku Germany anapeza kuti m'masambamo munali mankhwala otchedwa JWH-018, malemba oyambawo akuimira dzina la mphunzitsi uja. Boma la Germany linawaletsa mu January 2009, koma pasanapite nthawi opangawo anasintha pang'ono kapangidwe kake, natulutsa ena a dzina lina amene lamulo linali lisanawatchule. Mpikisano umenewu unapitirira zaka zambiri m'maiko ambiri: boma likaletsa dzina limodzi, m'mawa mwake kwabadwa lina. Mu 2015 bungwe la United Nations linaika JWH-018 pa mndandanda wa pangano la 1971 la mankhwala osokoneza ubongo, pangano limene Malawi analivomeranso. Dziko la Britain, litatopa ndi kuthamangitsa maina, linaika lamulo mu 2016 loletsa kupanga ndi kugulitsa mankhwala onse otere pamodzi, ngakhale amene dzina lao silinamveke.

Inu amai amene mumathira mankhwala a anankafumbwe m'chimanga mudzamvetsa msanga kuopsa kwake. Mukathira mosasakaniza bwino, thumba lina limalandira ochuluka, lina osalandira konse. Momwemonso masamba awa: kapaketi kamodzi kangakhale kofooka, ndipo kanzake, ka mtundu womwewo ndi mtengo womwewo, kangagwetse munthu pansi, kumnjenjemeretsa ngati wa khunyu, kuthamangitsa mtima, kuononga impso, kapena kumupha. Wosutayo sadziwa chimene wagula, ndipo kawirikawiri wogulitsanso sadziwa. Mu 2018, m'chigawo cha Illinois ku America, anthu oposa 100 anadwala matenda otuluka magazi osaleka, ndipo ena anafa, chifukwa m'fodya wotere munapezeka mankhwala a makoswe. Kuno ku Africa, mu April 2024, Pulezidenti Julius Maada Bio wa ku Sierra Leone analengeza kuti dziko lake lili pa ngozi chifukwa cha fodya wotchedwa kush, amene anagoneka anyamata m'mbali mwa misewu ya Freetown. Ndipo atamuyeza anapezamo mankhwala a mtundu womwewu, mwinanso ena oopsa kuposa apa.

Nanga lamulo la dziko lathu likuti chiyani? Lamulo limene apolisi amagwira nalo anthu a chamba ndi lakale ndithu, la m'masiku a Chitaganya. Dzina lake ndi Dangerous Drugs Act, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1956. Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lina, Cannabis Regulation Act, lolola kulima mbewuyi chifukwa cha mankhwala a m'chipatala ndi ntchito za m'mafakitale, monga nsalu, zingwe ndi mafuta. Koma wolimayo ayenera kukhala ndi chiphaso cha bungwe la Cannabis Regulatory Authority, ndipo lamulolo silinalole munthu kusuta chamba kuti aledzere. Ana athu obwera ku Joni amasokoneza zimenezi ndi zimene anaona kumeneko. N'zoona kuti pa 18 September 2018 bwalo lalikulu la ku South Africa linagamula kuti munthu wamkulu wosuta chamba chake pa malo ake a yekha asamangidwe, ndipo mu May 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina lamulo lotsimikiza chigamulocho. Koma chilolezo chimenecho chimathera pa mtsinje wa Limpopo. Sichifika pa Mwanza, sichifika pa Muloza, ndipo sichikunena za masamba owazidwa mankhwala.

Tsono vuto la mnzathu wapolisi lagona apa. Apolisi a kuno kumwera akagwira matumba a masamba, amatumizako pang'ono ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo, kuti akatswiri a zomera anene ngati ndi chamba, ndipo kalata yaoyo ndiyo imakaonetsedwa m'bwalo la milandu. Koma masamba a m'timapaketi tija si chomera cha chamba ai. Ululu wake uli m'madzi amene anawazidwa, ndipo kuuzindikira kumafuna makina a m'labotale ya mankhwala. Kunena kuti m'kapaketimo muli chiyani ndi ntchito ya woyeza. Kunena kuti chimene chapezekacho lamulo linachitchula kapena ai ndi ntchito ya bwalo. Anzathu a ku Zimbabwe anakumana nazo zotere pa mankhwala ena otchedwa mutoriro: oimira anthu pa milandu anatsutsa m'mabwalo kuti dzina lake silinalembedwe m'lamulo, kufikira boma linachita kulilemba mu 2023. Chotero anyamata aja, ponena kuti si chamba, ananena zoona. Koma ponena kuti potero alibe mlandu, ananena chimene iwo sakanatha kuchidziwa. Ndipo ngakhale bwalo likanawamasula, thupi lao silikanawamasula. Mankhwala a makoswe amagulitsidwa poyera pa msika wa Chitakale ndi pa Limbuli, wapolisi akuona, koma palibe mai amene amawathira m'phala la mwana ndi kunena kuti boma silinaletse. Lamulo lachisanu la Mulungu, lotiletsa kupha, limatiletsanso kudziononga tokha, ndipo silidikira kuti Nyumba ya Malamulo iyambe yakumana.

Tibwerere tsopano ku funso lija la pansi pa mango. Ndili ku seminale, bambo wina wokalamba amene anatiphunzitsa za makhalidwe a Chikristu ankakonda kutisimbira za Augustino Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa. Cha m'ma 420, Mkristu wina dzina lake Consentius anamlembera za gulu la ophunzitsa zonama a ku Spain, otsatira Priscillian, amene ankabisa chiphunzitso chao mwa kunama. Akatolika ena anaganiza kuti njira yowagwira ndiyo kudzionetsa ngati a m'gulu lao, kunama kuti agwire onama. Cholinga chinali chabwino ndithu, chopulumutsa mizimu. Koma Augustino anayankha ndi buku lathunthu lotsutsa bodza, nakana njirayo. Mwa zifukwa zake, chimodzi sindinachiiwale: munthu amene wamkoka ndi bodza, akadzazindikira kuti unamnamiza, adzakhulupirira bwanji choonadi chimene ukufuna kumphunzitsa pambuyo pake?

Augustino yemweyo anasiyanitsa mabodza, akulu ndi ang'ono, ndipo lopepuka mwa onse ndi lija losapweteka munthu koma lofuna kumthandiza. N'chifukwa chake ndinauza mnzathuyo kuti asadziyese Yudasi. Mtima wake unali wa kholo, ndipo Mulungu amaona mtima. Komabe sindinathe kumuuza kuti sanalakwe. Anyamata aja ali ndi mafoni, ali ndi anzao. Pofika m'mawa anali atadziwa kale kuti masambawo sanali chamba, ndi kuti bwana uja anawaopseza chabe. Tsiku lina bwana yemweyo adzawauza kuti fodyayu amapha, ndipo pamenepo adzakhala akunena zoona zenizeni. Koma iwo adzasekera kumbali ndi kunena kuti wayambanso zija. Mau amene akanawapulumutsa anawagulitsa kale ndi mantha a usiku umodzi.

Palinso china chimene chimalemeretsa bodza la wapolisi kuposa langa kapena lanu. Ine ndikanama pa mudzi, mfumu idzamva mbali zonse ziwiri. Koma wapolisi akaimirira m'bwalo, atalumbira, ndi kunena kuti anapeza chakuti m'thumba la uje, mau ake amalemera kuposa a mlimi wosadziwa Chingerezi amene waima m'kabokosi akunjenjemera. Dziko linampatsa mphamvu imeneyo poyembekeza kuti pakamwa pake padzatuluka zimene maso ake anaona. Pa chilumba cha Mauritius, m'nyanja ya kum'mawa kwa Madagascar, fodya wopangayu anafala kwambiri pakati pa achinyamata, ndipo boma linaika bungwe lofufuza za malonda a mankhwala ozunguza ubongo, lotsogozedwa ndi Paul Lam Shang Leen, amene kale anali woweruza wa bwalo lalikulu. Mu 2018 bungwelo linapereka lipoti lake, ndipo mwa zina linapempha kuti nthambi ya apolisi yolimbana ndi mankhwalawa ithetsedwe ndi kukhazikitsa ina, chifukwa ena mwa alonda anali atadyera limodzi ndi akuba. Pa chilumba chomwecho, mu 2022, apolisi analengeza kuti mwa zinthu zimene anagwira kwa munthu wina wotsutsa boma munali mankhwala opangawa. Atapita nazo ku labotale, zinapezeka kuti zinali njere za chia, tinjere todyedwa tofanana ndi chitowe. Pakamwa panatsogola, woyeza nabwera pambuyo, ndipo anthu a kumeneko anayamba kukayika ngakhale milandu imene inali yoona.

Kuno kwathu chikhulupiriro cha anthu pa nkhani ya chamba n'chopyapyala kale. Zaka 8 zimene mnzathu anatchula sanazitole m'mutu mwake. Mu 2022 bwalo la majisitireti ku Blantyre linapereka chilango chotere kwa mnyamata wina wopezeka ndi matumba a chamba, pamene m'masiku omwewo mkulu wa kampani ina yaikulu, wopezeka akulima chamba kunyumba kwake, analipira faindi napita kukagona pa bedi lake. Anthu anadandaula m'dziko lonse, ndipo bwalo lalikulu linachepetsa chilango cha mnyamatayo kukhala zaka 3. Kuyambira pamenepo nambala imeneyi inakhala m'makutu a amai onse, ndipo amene afuna kuopseza mwana wa m'mudzi sachita kuifunafuna.

Pano ndiyenera kunena chinthu chowawa. Bodza limene mnzathu ananena wopanda kutambasula dzanja, ena amalinena dzanja lili chotambasula. Chaka chatha mai wina wamasiye wa m'mphakati mwathu anagulitsa mbuzi yake yomaliza, chifukwa munthu wina wa yunifomu anamuuza kuti mwana wake wagwidwa ndi chamba ndipo sadzatuluka popanda kangachepe. Mwanayo anatuluka usiku womwewo, wopanda pepala lililonse, wopanda kuonekera m'bwalo, ndipo kufikira lero maiyo sadziwa ngati panali mlandu kapena panalibe. Mau a munthu ameneyo ndi mau a mnzathu uja anali amodzimodzi. Mai wogulitsa mbuzi alibe njira yosiyanitsira wonama wachifundo ndi wonama wadyera. Choncho dziwani izi, makolo. Belo ya ku polisi ndi yaulere. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 42, amanena kuti munthu womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndi kuti aonekere m'bwalo pasanathe maola 48, kupatula ngati nthawiyo yathera pa tsiku limene bwalo silikhala. Wosauka angapemphe womuimira ku Legal Aid Bureau. Wofunsidwa ziphuphu angakanene ku Anti-Corruption Bureau, ndipo madandaulo pa khalidwe la wapolisi amalandiridwa ndi Independent Complaints Commission, bungwe limene lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa, ngakhale linachedwa zaka zambiri kuyamba ntchito. Musapite nokha, tengani mwini mbumba kapena mkulu wa mphakati, ndipo funsani mwaulemu kuti mlandu walembedwa pati.

Sindikulemba izi kuti tidane ndi apolisi. Ndaona nyumba zimene ena mwa iwo amagonamo, ndipo ndikudziwa kuti malipiro amawathera mwezi uli pakati monga amatithera ife. Asilikali atabwera kwa Yohane Mbatizi kudzafunsa chimene ayenera kuchita, iye sanawauze kuti asiye ntchito yao. Anawaletsa zinthu ziwiri, kulanda za anthu ndi kunamizira anthu, nawauza kuti malipiro ao awakwanire. Ndiponso lamulo lachisanu ndi chitatu silinaperekedwe kwa a yunifomu okha. Kodi si ife amene timati mwana wapita ku Milange kwa azakhali ake, pamene ali m'chipinda atatseka chitseko? Kodi si ife amene timadziwa nyumba imene timapaketi timagulitsidwa, koma timakhala chete chifukwa mwini wake ndi mlamu wathu? Ndipo mwana akagwa pansi akutuluka thovu, timathamanga naye ku chipatala ndi kunena kuti ndi malungo, pochita manyazi, dokotala nataya nthawi akufunafuna matenda amene palibe. Pamenepo bodza lingaphe munthu ola lomwelo. Tengani kapaketiko, mukaonetse, munene nthawi imene anasuta. Amene chizolowezi chawamanga angathandizidwe ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndipo Abale a Yohane Woyera wa Mulungu ali ndi nyumba zothandiza anthu otere ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Mnzathuyo anandifunsanso kuti: "Nanga ndikananena chiyani, Aphunzitsi, popeza anandiima pamaso ngati atambala?" Ndinamuuza kuti choonadi chimene anali nacho m'manja chinali chokwanira kuopsa munthu. Akanatha kunena kuti: ichi si chamba, mwanenadi zoona, koma chimene chili m'katimu inu simuchidziwa, ine sindichidziwa, ndipo chapha anthu m'maiko ena, ndichitenga, ndichilemba m'buku pamaso panu, chipite chikayezedwe, ndipo mukandionetse makolo anu usiku uno. Timapaketi timene tinatayidwa m'ngalande tikanathandiza akulu ake a ntchito kudziwa chimene chalowa m'boma lathu, ndi kufunsa amene akubwera nacho. M'malo mwake tinapita ndi madzi a mvula, ndipo wogulitsa anagona tulo tabwino.

Katekisimu amatiphunzitsa kuti wolakwira choonadi ayenera kukonza chimene anaononga, monga wakuba abweza chimene anaba. Ndinamuuza kuti za kulapa akakambe ndi abambo akadzabwera kudzachita Misa, pakuti imeneyo si ntchito yanga. Koma za kubweza ndinampempha kuti tipitire limodzi. Wamng'ono uja anali kumdziwa kwao. Loweruka lotsatira tinakwera njinga kudutsa m'minda ya tiyi, ndipo tinapeza amalume a mnyamatayo akusoka dengu pa khonde. Anatipatsa mipando, naitana mlongo wao ndi mwanayo. Wapolisiyo, atavala zovala wamba, anavula chipewa nati: "Bambo, ndabwera kudzakonza mau anga. Ndinauza mphwanuyu kuti anali ndi chamba. Sichinali chamba, ndipo ine ndinadziwa." Kenaka anafotokoza zonse zimene ndalemba pamwambapa za masamba owazidwa mankhwala, mofatsa, wopanda kuonjezera kanthu.

Amalumewo anakhala chete nthawi yaitali, nsungwi ili m'manja. Potsiriza anatembenukira kwa mwanayo nati: "Wamva? Tsopano nawenso tiuze, amakupatsa ndani?" Mnyamatayo sanayankhe, anangoyang'ana pansi akukumba dothi ndi chala cha kuphazi. Koma titanyamuka kuti tizipita, amai ake analowa m'nyumba, natuluka ndi timapaketi tiwiri tosatsegula timene anatipeza pansi pa mphasa ya mwanayo masiku atatu apitawo, ndipo anali asanauzeko munthu. Mnzathuyo anatilandira, natulutsa kabuku kake, nalemba tsiku ndi nthawi pamaso pa onse, ndipo amalumewo anasainapo.